Kwa mayi amene achimwene awo anaphedwa: musadikire khothi kuti muyambe kulandira thandizo

Mayi, ndawerenga zimene mwalemba m'gulu muno, zoti achimwene anu anaphedwa miyezi 4 yapitayo, kuti ndinu amene munapita kumochale kukazindikira thupi lawo, ndipo kuti kuyambira tsiku limenelo tulo simukuliona, pamene abale akukuuzani kuti maliro anatha, mulimbe mtima. Mwafunsa ngati mutu wanu wayamba kusokonekera, komanso ngati mtima udzakhale m'malo mlandu ukadzatha kukhothi. Pepani kwambiri chifukwa cha zovuta zimene zagwera banja lanu.

Mutu wanu sukusokonekera. Munthu akamwalira atadwala, abale amakhala atamudwazika, atamuyendera kuchipatala, ndipo ngakhale imfa imawawa, mtima umakhala utayamba kale kukonzekera. Imfa yochita kuphedwa imabwera ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, chisoni ndi mantha, ndipo kawirikawiri mantha ndi amene amatsogola n'kutsekereza chisoni. N'chifukwa chake mukafuna kukumbukira achimwene anu akuseka kapena akucheza ndi ana awo, chimene chimabwera m'maso ndi chimene munaona kumochale. Thupi nalo limakhala ngati ngozi ija sinathe: mtima umagunda kwambiri wina akagogoda pachitseko usiku, mumadzidzimuka njinga yamoto ikadutsa pafupi, mumalambalala njira imene zinachitikira, mumapsa mtima pa zinthu zazing'ono. M'masabata oyambirira zimenezi zimachitikira anthu ambiri ndipo zimachepa zokha. Zikapitirira mwezi umodzi, n'kumasokoneza tulo, ntchito ndi kakhalidwe ka pakhomo, madokotala amaganizira za vuto limene amalitchula kuti PTSD, lomwe limagwira anthu amene anaona kapena kukumana ndi zoopsa. Sindingakuuzeni pa Facebook kuti vuto lanu ndi limeneli, chifukwa zimenezo n'zofunika kuti akuoneni munthu wophunzira ntchitoyi, koma miyezi 4 yosagona ndi chifukwa chokwanira chopitira kukaonana naye sabata ino.

Kuno ku Mzuzu tili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. A St John of God akhala akupereka chithandizo cha matenda a maganizo mumzinda uno kwa zaka zambiri, ali ndi aphungu ndi anamwino a ntchito imeneyi, ndipo ali ndi sukulu yophunzitsa ntchitoyi. Mukhozanso kuyambira ku Mzuzu Central Hospital kapena kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu, n'kupempha kuti akutumizeni kwa woona za maganizo. Ndikudziwa kuti ambiri amaopa kuonedwa akulowa pachipata cha St John of God poganiza kuti anthu aziti achita misala, ndipo mantha amenewa asunga anthu ambiri m'nyumba akuvutika chamumtima pamene thandizo lili pafupi. Kumeneko kumapita anthu osiyanasiyana, ena a vuto la mowa, ena a nkhawa, ena ofedwa ngati inu. Mukafika musangonena kuti mutu ukuwawa kapena kuti simugona, chifukwa mukhoza kungolandira panado n'kubwerera. Nenani momveka kuti achimwene anu anaphedwa, kuti munaona thupi lawo, ndipo kuti chithunzicho chimakubwererani usana ndi usiku.

Chithandizo chenicheni cha vuto lotere ndi uphungu wokumana kangapo, pamene phungu amakuthandizani kufotokoza zimene munaona pang'onopang'ono, pamlingo umene mungathe, kufikira maganizo atavomereza kuti zinachitika ndipo zinadutsa. Masiku oyamba zimawawa, ena amafuna kusiya, koma ndi pamene pamafunika kupirira. Chonde musagule nokha mankhwala ogonetsa ngati diazepam. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza m'chaka cha 2013 kuti mankhwala a mtundu umenewu asamaperekedwe pofuna kuchepetsa nkhawa kapena kusowa tulo m'mwezi woyamba munthu atakumana ndi zoopsa, ndipo munthu akawazolowera amavutika kuwasiya. Mowa nawo umagonetsa usiku umodzi, mawa lake mantha amabwerera okulirapo. Ngati mankhwala akufunika, dokotala ndiye asankhe ndipo azikuonani.

Pa funso lanu lachiwiri ndikufuna kulankhula mosabisa, chifukwa apa ndi pamene mabanja ambiri amakhumudwa kawiri. Milandu yakupha imazengedwa ku High Court, ndipo ngakhale khothi limeneli lili ndi nthambi yake kuno ku Mzuzu, milandu yotere imatha kutenga zaka isanathe. Woganiziridwa amaonedwa ngati wosalakwa kufikira khothi litamupeza wolakwa, ndipo khothi likhoza kumupatsa belo, moti n'zotheka kukumana naye mumsika kapena kudepoti mlandu usanayambe. Chilango nachonso sichidziwikiratu. Kuyambira pa chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni m'chaka cha 2007, munthu wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha sangolamulidwa kuphedwa monga zinkakhalira kale, woweruza amaona mmene zinakhalira n'kusankha chilango, ndipo m'dziko muno boma silinanyonge munthu kuchokera m'chaka cha 1992. Sindikunena izi kuti mutaye mtima pa chilungamo. Mlandu suola, ndipo banja lanu lili ndi ufulu woutsatira mpaka kumapeto. Chimene ndikukana ndi choti tulo tanu, thanzi lanu ndi ntchito yanu zidikire tsiku la chigamulo, chifukwa tsikulo simukulidziwa, ndipo ngakhale litafika ndi chilango chimene mukufuna, zimene munaona kumochale sizidzafufutika chifukwa cha mawu a woweruza. Mlandu uziyenda njira yake, inunso muzilandira chithandizo nthawi yomweyo.

Kuti mlandu usakutsamireni nokha, banja lisankhe munthu mmodzi wodekha, kaya amalume kaya msuweni, woti azilankhula ndi apolisi. Asunge kabuku kolembamo nambala ya mlandu, dzina la wapolisi wofufuza, ndi tsiku lililonse limene wauzidwa kanthu. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit imene ntchito yake ndi kuthandiza anthu okhudzidwa ndi nkhanza ndi milandu. Ngati woganiziridwa kapena abale ake akukuopsezani kapena akunyengerera mboni, kanenezeni msanga, chifukwa zimenezo zikhoza kuchititsa kuti belo yake ilandidwe. Ngati mudzaitanidwa ngati mboni, konzekerani ndi phungu wanu pasadakhale ndipo musadzapite nokha, popeza kukhothi amawerenga zotsatira za kuyeza mtembo ndipo mawu ake ndi olemera kwa wachibale. Anyamata a m'banja mwanu muwayang'anire kwambiri. Mkwiyo wawo ndi womveka, koma akabwezera ndi manja awo, mayi anu adzakhala ndi mwana wina kumanda ndi wina kundende.

Pali chinthu china chimene simunalembe koma ndikukhulupirira kuti chimakudyani usiku, ndicho maganizo oti mukanawaimbira foni madzulo aja, kapena mukanawaletsa kutuluka, bwenzi ali moyo. Pafupifupi aliyense wofedwa mwa njira imeneyi amadziimba mlandu wotere. Inu simunadziwe zimene zikubwera. Amene anapha munthu ndi amene anakweza dzanja, ndipo mlanduwo ndi wake. Pa nkhani ya kukhululuka, imene a mpingo angakuuzeni ndi mtima wabwino, maganizo anga ndi oti isakakamizidwe pa munthu amene bala lake likadali laliwisi. Pempherani, lolani amayi a mvano kapena a m'limana mwanu azibwera kudzakhala nanu, koma musadzione ngati wochepa chikhulupiriro chifukwa muli ndi mkwiyo kapena chifukwa mwapita kwa phungu. Abusa ndi ansembe ambiri amatumiza okha akhristu awo kuchipatala akaona kuti vuto lafika pamenepa.

Mwatchulanso kuti malemu anasiya mkazi ndi ana awiri. Ana musawanamize kuti bambo awo anapita paulendo, chifukwa adzamva zoona kwa anzawo kusukulu m'mawu oipa kwambiri, ndipo adzasiya kukhulupirira akuluakulu a pakhomo. Auzeni mwachidule kuti bambo anamwalira chifukwa munthu wina anawavulaza, kuti iwo sanalakwe chilichonse, ndipo kuti pali akulu amene akuwasamala. Mwana akayambiranso kukodza pogona, akasiya kusewera kapena akayamba ndewu, mumutengere kwa phungu m'malo momukalipira, ndipo aphunzitsi ake adziwitsidwe. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani zokhudza ana. Ngati zithunzi za thupi la malemu zikuzungulira pa WhatsApp, pemphani oyang'anira magulu kuti azichotse, ndipo m'mafoni a pakhomo zifufutidwe ana asanazione, kupatula zimene apolisi angafune ngati umboni. Alamu anu nawonso muwateteze. Lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limaletsa kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana, ndipo mayi amene mwamuna wake waphedwa sayenera kulimbananso ndi abale pa nyumba ndi ziwiya.

Ngati tsiku lina maganizo ofuna kudzipha atakufikirani, kapena mutaona kuti mayi anu kapena alamu anu asiya kudya ndipo akulankhula zotsatira malemu, musadikire tsiku limene phungu anakupatsani. Uzani munthu amene muli naye pafupi nthawi yomweyo, ndipo akuperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale utakhala usiku.