Makaniko wobwera pomwe pali boti: musanamuimbire foni

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku, koma ndinati ndiyankhe nditakhala pansi chifukwa nkhaniyi si ya mizere iwiri. Mwati muli ndi injini ya Yamaha F150 yopachika kumbuyo, ndipo mukangowonjezera moto alamu imalira, mphamvu n'kutsika. Boti limagona pamadzi, ngolo yolikokera kugalaja mulibe, ndiye mukufuna makaniko woti abwere komweko. Ndaona anthu akuponyerani kale manambala a foni a amakaniko. Ine nambala sindipereka, chifukwa pagulu ngati lino aliyense amatama mlamu wake. Ndingokuuzani m'mene ine ndimasefera anthuwo.

Lawirirani kudoko, mukacheze ndi amene boti ndiye khasu lawo: asodzi, onyamula anthu, obwereketsa maboti. Munthu amene injini ikagona tsiku limodzi ana ake agona ndi njala sasunga makaniko wabodza. Koma kafunsidwe kake n'kofunika. Mukafunsa kuti "makaniko wabwino ndani kuno?" akupatsani mayina khumi. Funsani kuti "injini yanuyi anaitsegula komaliza ndani, ndipo yayenda nthawi yaitali bwanji chitsekereni?" Dzina limene lituluke pakamwa pa anthu atatu osagwirizana, limenelo lilembeni. Wina woti mumufunse ndi wogulitsa masipeya a maboti. Iyeyo amadziwa makaniko amene amabwera ndi nambala yeniyeni ya chitsulo, ndi amene amabwera ndi chitsulo chakale m'thumba n'kumati "ndipatseni chofanana ndi ichi."

Mukapeza mayina awiri kapena atatu, imbani, ndipo mutchere khutu kuti ndani akufunsa mafunso. Wodziwa ntchito amafunsa mpaka kukutopetsani. Nambala ya injini ndi chiyani, ija yalembedwa pakachitsulo pa bulaketi yogwira boti? Yayenda maola angati? Impeller, kalabala kokankha madzi oziziritsa injini, munasintha liti? Kodi injini ikukodza bwino, ndiye kuti kamadzi kaja kotuluka kumbali kakuthamanga ndi mphamvu kapena kakungodontha? Mumayenda m'madzi a mchere kapena ayi? Alamu imalira mutayenda mphindi zingati? Uyo wongomva mawu awiri n'kunena kuti "imeneyo ndi kabureta bwana, ndibwera ndiitsuke," mutsanzikeni mwaulemu. F150 ilibe kabureta n'komwe, mafuta amalowa ndi ma injector.

Mumufunsenso ngati ali ndi laputopu yokhala ndi pulogalamu ya injini yanu. Ya Yamaha imatchedwa YDIS, ndipo makampani ena monga Suzuki ndi Mercury ali ndi zawozawo. Akalumikiza, injini imaulula yokha: ma code a zovuta zimene yakumana nazo, maola amene yayenda pa liwiro lililonse, ndi zimene ma sensor akuwerenga pa nthawiyo. Wopanda chida chimenechi pa injini yamakono amangolotera, n'kumasintha chitsulo ichi lero, icho mawa, ndalama zikuchoka m'thumba mwanu.

Tsopano za vuto lanulo. Mphamvu ikutsikayo si kuti injini yafa ayi, ikudziteteza yokha: kompyuta yake ikamva kutentha imachepetsa liwiro dala. Injini ya boti ilibe radiator ngati galimoto. Imamwa madzi omwe ikuyendamowo, kudzera pa timabowo tili pa giyabokosi pansi, ndipo chokankha madziwo ndi impeller, kachinthu ka labala kokhala ndi mapiko. Labala akakalamba mapiko amapindika osabwereranso. Pa moto wochepa madzi amakwanira, koma mukawonjezera moto amaperewera. Zimenezi zikufanana kwambiri ndi zomwe mwafotokozazo, komabe si impeller yokha imene imachita choncho. Thermostat, kachitseko kotsegulira madzi njira injini ikatentha, ikhoza kukakamira osatseguka, mchenga kapena mchere ukhoza kutseka njira za madzi mkati, pepala la pulasitiki likhoza kumata pa timabowo tija, mwinanso sensor ikunama injini isakutentha. Ndipo musanyengedwe ndi kukodzako. Injini ikhoza kumakodza koma mkati ikupsa.

Apa ndi pamene pali fundo yanga yaikulu. Ntchito yovuta ya injini siithera pamadzi yonse, ndipo makaniko woona amakuuzani zimenezi asanatenge sipanala. Boti likuyandama, akhoza kuwerenga kompyuta, kusintha mapulagi ndi mafyuluta, kutsegula thermostat, kuyeza compression (mphamvu imene silinda iliyonse imapanikizira mpweya), ngakhale kupopa oyilo wa injini. Koma impeller ili pamwamba pa giyabokosi, ndiye kuti aifikire ayenera kugwetsa giyabokosi yonse pamodzi ndi shafuti yake yaitali. Chinthucho n'cholemera, n'choterera, ndipo pansi pake pali madzi. Nati imodzi ikapulumuka m'manja mumangomva kuti chubwi, basi yapita. Oyilo wa giya nayenso amakhetsedwa pa kabowo ka pansi penipeni, simungamukhetse bwinobwino muli pamadzi popanda kuthira madzi mugiya kapena oyilo m'nyanja. Ndiye konzekerani kuti boti likokedwe kumtunda ngakhale kwa tsiku limodzi, kaya ndi ngolo yobwereka kaya ndi makina onyamulira a padoko. Ikakhala nkhani yotsegula mutu wa injini kapena kuichotsa yonse, imeneyo ndi ya pabenchi pansi pa denga. F150 imalemera kupitirira makilogalamu 200, si yoti anyamata anayi aigwire m'manja boti likugwedezeka.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Chaka china ndinaitana mkulu wina, katswiri ndithu pa magalimoto, kuti andisinthire thermostat boti lili pamadzi. Mabawuti awiri anamasuka. Lachitatu linakana. Anayesa kamodzi, kawiri, kenako anatenga paipi n'kuvekera kumchira wa sipanala kuti apeze mphamvu. Ine ndili chiimire, ndinangomva kuti thwa, mutu wa bawuti uli m'sipanala, thupi lake latsala mkati. M'mbali mwa bowolo munali ufa woyera ngati phulusa. Pamenepo akanaima zikanakhala bwino, koma anatulutsa drill n'kuyamba kuboola, boti likuvina ndi mafunde a boti lina lodutsa. Drill inaterereka kuchoka pa bawuti lolimba n'kudya aluminiyamu wofewa wa pambali. Ntchito ya ola limodzi inasanduka masabata atatu, injini inachotsedwa n'kupita kwa wina wokonza mazinga a bowolo.

Ufa woyera uja ndiye mdani wamkulu pa injini za maboti. Bawuti la chitsulo likakhala m'aluminiyamu, madzi n'kumafikapo, makamaka a mchere, ziwirizi zimadyana mpaka kumatirirana. Makaniko wa maboti amadziwa zimenezi m'manja mwake. Amathira mafuta omasulira, amadikira, amatenthetsa pang'ono mozungulira, amagogoda mutu wa bawuti, amapotoza pang'ono n'kubwezanso, pang'ono n'kubwezanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomanga amapaka girisi wa m'madzi ndipo amamanga ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, osati ndi mphamvu za m'mapewa. Ndiye pafoni paja mumuponyere funso ili: "Bawuti likakana mumatani, nanga likathyoka ndani alipira?" Yankho lake likuuzani zambiri kuposa satifiketi.

Sindikunyoza amakaniko a magalimoto, ena mwa iwo ndi amene amasanduka akatswiri a maboti. Kungoti zina n'zosiyana. Kwa amene muli ndi injini ya petulo ya mkati mwa boti, mverani ichi: sitata ndi alternator za boti zimapangidwa moti zisatulutse moto kunja, chifukwa mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba ndipo umakhazikika pansi m'boti. Wina akakuikirani ya galimoto poti ndi yotchipa ndipo ikukwana, wakuikirani bomba.

Za ndalama mugwirizane asananyamuke kwawo, ndipo zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pomwepo. Ulendo wobwera amalipiritsa padera kapena ayi? Akabwera kawiri chifukwa sipeya inasowa, ulendo wachiwiriwo ndi wa ndani? Amawerengera pa ola kapena pa ntchito? Masipeya agula ndani? Ine ndimakonda kulipira kaye ntchito yofufuza vuto payokha, andiuze chimene wapeza, kenako tikambirane zokonza. Ndimanenanso poyera kuti akapeza china chimene sitinagwirizane aime, andiimbire. Ndalama ya masipeya mukhoza kupereka patsogolo ngati akuonetsani lisiti, koma ya manja ake idikire. Zitsulo zakale zonse azisiye m'boti. Ngati injini ikadali pa waranti, funsani kaye kumene munaigula, chifukwa ntchito ina ikagwiridwa ndi munthu wosavomerezeka imadzetsa mkangano tsiku lodzadandaula. Madoko ena salola makaniko wakunja kugwira ntchito popanda chilolezo kapena inshuwalansi, ndiye funsani eni malo asanabwezedwe pageti.

Tsiku lobwera mukhalepo, koma musamupumire m'khosi. Ingoyang'anani. Kodi wayala nsalu kapena ali ndi kabeseni koikamo manati? Akujambula ndi foni asanazule mawaya? Ali ndi buku la injiniyo, kaya papepala kaya mufoni? Amene amatsegula buku pamaso panu musamuone ngati mbuli, woopsa ndi uja amati zonse zili m'mutu.

Poti injini yanu yalira alamu kangapo, muumirire kuti ayeze compression pa masilinda onse anayi, manambala akulembereni. Chofunika kwambiri ndi chakuti akhale oyandikana. Silinda imodzi ikatsika kupitirira pafupifupi 10 peresenti poyerekeza ndi zinzake, pali nkhani. Aonenso mapulagi ali pamzere: imodzi ikakhala yoyera mbee ngati yatsukidwa pamene zinzake zili ndi mwaye pang'ono, n'kutheka kuti madzi akulowa m'silinda imeneyo, gasket ya mutu yapsa. Oyilo wa injini kapena wa giya akaoneka ngati mkaka, madzi alowa. Mugiya nthawi zambiri wolakwa amakhala ulusi wowedzera nsomba umene wakulungika kuseri kwa pulopela n'kudula seal, kalabala kotchinga madzi kuti asalowe, ndiye poti boti lili kale kumtunda, achotse pulopela aone. Aonenso ma anode, tizitsulo tija timadyeka m'malo mwa injini. Zinc ndi wa madzi a mchere, magnesium ndi wa madzi opanda mchere, ndipo sapakidwa penti.

Akamaliza, musalole kuti angoiliza pagombe n'kunena kuti "mwamva m'mene ikulirira?" Injini yopanda katundu imalira bwino ngakhale ikudwala. Vuto lanu limabwera pa moto waukulu, ndiye mayeso ake ndi pamadzi, iye ali m'botimo, mwina laputopu ili pamiyendo. Muiyendetse mpaka itenthe bwino, kenako muikoke moto wonse. F150 yokhala ndi pulopela yoyenera imayenera kufika pakati pa 5000 ndi 6000 rpm, ndiye kuti maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi. Ikhale pamenepo kwa kanthawi alamu ili chete, ndiye mutulutse chikwama. Ndipo aliyense asaiyese kuiliza pouma popanda madzi, ngakhale "kungoimva pang'ono." Impeller yatsopanoyo imapsa m'masekondi ochepa.

Pakadali pano musaiyendetsenso. Ikwezeni, muone timabowo tolowera madzi ngati tatsekeka ndi udzu kapena pulasitiki. Jambulani kachitsulo ka nambala kaja, mujambulenso kavidiyo ka mmene ikukodzera, mutumizire amene mwasankhayo kuti abwere ndi masipeya oyenera ulendo umodzi. Muuzeni abweretse kit yonse ya pampu ya madzi, osati impeller yokha, chifukwa kambale kachitsulo kamene imazunguliramo kakakhala ndi mizere, impeller yatsopano siichedwa kutha.

Chinanso ndatsala pang'ono kuiwala. Impeller yakale ikatuluka, itengeni m'manja muwerenge mapiko ake. Ngati ena athothoka, zidutswazo sizinasungunuke, zili penapake m'njira za madzi kapena kuseri kwa thermostat. Azifunefune mpaka zikwane pa impeller ija asanatseke giyabokosi. Mukamaliza mudzatiuze pompano manambala a compression aja, tidzaone limodzi.