Ndimayendera nyumba anthu asanagule: nditenge inshuwalansi iti?

FUNSO

Mayi, ndine mmisiri wa zomangamanga, ndimakhala ku Matawale. Kwa zaka zitatu tsopano, anthu ofuna kugula nyumba muno mu Zomba amandituma kuti ndikaione kaye ndi kuwalembera lipoti. Ambiri amakhala ali ku Lilongwe kapena ku Joni, ndiye amangodalira maso anga. Mwezi watha kasitomala wina anandifunsa ngati ndili ndi inshuwalansi ya professional indemnity, ine kukamwa yasa. Ndafunsa kumakampani awiri, ndipo mtengo wa ina ndi pafupifupi theka la inzake. Ndingotenga yotsikayo?

Wowerenga wanu, Matawale

YANKHO

Achimwene, kasitomala ameneyo mumuthokoze, wakufunsani funso lokupulumutsani. Za mtengo tiziike kaye pambali. Mitengo iwiri ikatalikirana chonchi, kawirikawiri katundu amene akukugulitsaniyo si mmodzi, ndipo kusiyana kwake kumakhala m'masamba amene ambiri sitiwerenga.

Tiyambe tadziwa chimene mukugula. Mukakwera m'denga phazi n'kuboola siling'i, kapena makwerero anu akagwera galimoto ya mwini nyumba, imeneyo ndi ngozi wamba, ndipo yolipira zotere ndi ya public liability. Mnyamata wokugwirirani makwerero akavulala, ndi nkhani ina ya chipukuta misozi cha antchito. Professional indemnity ndi ya pepala limene mwasainira. Munthu wawerenga lipoti lanu loti denga lili bwino, wapereka ndalama zake za penshoni, kenako wapeza kuti mitanda yonse chiswe chinamaliza kalekale. Akadzakusumirani kuti munachita ntchito mosasamala, inshuwalansi iyi ndiyo imalipira loya wanu, komanso chipukuta misozi ngati mwapezeka olakwa. Za loyazo musazipepse, chifukwa ngakhale mlandu umene mudzawine umadya ndalama.

Ndinagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi ya broker, mkhalapakati wa ogula inshuwalansi ndi makampani ake, ndisanabwerere kwathu kuno, ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndinaona chikugwetsa anthu ozindikira bwinobwino. Inshuwalansi ya galimoto imayang'ana tsiku limene ngozi yachitika. Iyi ayi. Nthawi zambiri imayang'ana tsiku limene dandaulo lakupezani. Ngati pa tsikulo mulibe pangano la inshuwalansi limene likugwira ntchito, simulandira kanthu, ngakhale chaka chimene munayendera nyumbayo munali mutalipira zonse.

Taganizirani mmene ntchito yanu imakhalira. Nyumba mwaiona mu Seputembala, pansi pali gwaa, khoma alipaka penti dzana. Mvula ya Zomba mukuidziwa. Madzi akamatsika m'phiri, nyumba za m'matsitso monga ku Old Naisi ndi ku Mulunguzi ndi pamene zimaulula zimene zinabisa: chinyontho chikukwera khoma kuchokera pansi, mng'alu umene anaumata ndi pulasitala watsegukanso, khoma lotchinga dothi kuseri kwa khitchini layamba kupendama. Zina zimapirira dzinja limodzi, awiri, n'kudzagonja pa mvula yonga ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ndipo lamulo la dziko lino limapatsa munthu zaka 6 zoti asumire pa milandu yambiri ya mapangano ndi ya kusasamala. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo pa ntchito yanuyi mawuwa ndi oona ndithu.

Choncho pa mapepala awiri aja fufuzani mzere wolembedwa kuti retroactive date. Limeneli ndi tsiku loyambira: ntchito iliyonse imene munagwira tsikuli lisanafike, kampani siikhudzidwa nayo. Inu muli kale ndi malipoti a zaka zitatu m'manja mwa anthu. Kampani ina ikhoza kuvomera kubwerera m'mbuyo mpaka pamene munayambira, ina idzalemba tsiku limene mwalipira. Sindingadabwe ngati theka la mtengo lija labisala pamenepa.

Bambo wina sindimuiwala. Anali wa ntchito yofanana ndi yanu, wosamala kwambiri, ndipo analipira mokhulupirika zaka 7. Chaka china ntchito zitasowa, anadumphitsa miyezi inayi, kenako n'kukalowa ku kampani ina yotchipa osatiuza. Kalata ya loya itamupeza, yonena za nyumba imene anaiona zaka zitatu m'mbuyomo, anabwera ku ofesi ndi malisiti onse m'jumbo, atawamanga ndi mphira, n'kuwayala patebulo langa limodzilimodzi. Ndinachita kumulozera ndi chala mzere wa tsiku loyambira pa pangano latsopanolo. Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi kumunsi kwa malaya kwa nthawi yaitali osayankhula. Kampani yakale inati pangano linatha, yatsopano inati ntchitoyo ndi yakale, ndipo zonse ziwiri zinkanena zoona. Anagulitsa pikapu yake. Mpaka lero mtima umandipweteka, chifukwa foni imodzi yokha asanasamuke ikanakwanira.

Ndiye mukalowa, musadumphitse ngakhale sabata. Mukafuna kusintha kampani, yatsopanoyo ilembe kuti yatenga tsiku loyambira lomwe lija. Ndipo funsani lero lomwe za run-off, imene imakutetezani pa ntchito zakale mukadzapuma kapena kutseka bizinesi. Madandaulo sadziwa kuti munthu anapuma.

Pa kuchuluka kwa ndalama zimene kampani ingalipire, musayezere pa zimene mumalipiritsa pa lipoti limodzi. Yezerani pa nyumba yodula kwambiri imene munaionapo, ndi zimene zingafunike kukonza denga kapena maziko ake. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo inu amene mumagula simenti ndi malata mukudziwa kuposa ine zimene zinatsatira. Malire amene akuoneka okwanira lero akhoza kudzachepa pofika tsiku la chigamulo, choncho muziwaonanso chaka ndi chaka. Funsaninso ngati malirewo ndi a mlandu uliwonse pawokha kapena a chaka chonse pamodzi, ndiponso ngati ndalama za maloya zimachotsedwa momwemo. Tinene kuti malire ndi K50 miliyoni ndipo maloya adya K15 miliyoni: ngati zili m'thumba limodzi, zolipira wodandaula zatsala K35 miliyoni, zopitirira pamenepo mulipira nokha. Excess, ndalama imene mumayamba mwatulutsa nokha pa mlandu uliwonse, ikhale yoti mukhoza kuipeza m'sabata imodzi osapita kwa akatapila.

Tsamba la zinthu zimene salipira muliwerenge mutakhala pansi, foni mutazimitsa. Zomba unali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo nyumba zambiri zokongola zimene anthu amazithamangira ndi za nthawi ya atsamunda: matabwa akale, mawaya akale, zina zili ndi asibesitosi kudenga kapena ku siling'i. Mapangano ambiri amakana za asibesitosi. Ena amakana za chiswe, za nkhungu, kapena za magetsi. Pangano lokana chiswe kwa munthu woyendera nyumba mu Zomba, ine sindingalisainire. Onaninso mmene afotokozera ntchito yanu. Akangolemba kuti ndinu womanga, pamene chimene chingakulowetseni m'khoti ndi malipoti, auzeni akonze.

Apa ndikuuzeni mosapsatira. Kasitomala wa ku Joni adzakufunsani pa foni kuti, "Nanga mukuona ngati mtengowu uli bwino?" Musayankhe m'lipoti. Kuika mtengo wa nyumba ndi ntchito ya ma valuer olembetsedwa, ndipo kutsimikiza kuti maziko ndi olimba ndi ntchito ya injiniya wolembetsedwa ku Malawi Engineering Institution. Mukalowa m'munda mwa eni, inshuwalansi yanu ikhoza kukusiyani nokha. Kulemba kuti "mng'alu uwu auone injiniya" sikuchepetsa ulemu wanu. Pa fomu yofunsira inshuwalansi nenani zoona zokhazokha: maphunziro anu, ndalama zimene mumapeza pachaka, ndi kasitomala aliyense amene anadandaulapo, ngakhale munagwirizana pa khonde nkhani n'kutha. Chobisidwa chikadzaululika, kampani ili ndi mphamvu yokana kulipira.

Kampaniyo ndi broker wake akhale ndi chiphaso cha Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Kumenekonso ndi kokadandaula kampani ikakuzunguzani. Ndalama mulipire ku akaunti ya kampani, osati ku nambala ya foni ya munthu, ndipo musakhutire ndi lisiti lokha. Pangano lonse likhale m'manja mwanu.

Chitetezo china mumadzipangira nokha pa tsiku loyendera. Musanakwere makwerero, kasitomala asainire kakalata konena zimene mudzaone ndi zimene simudzaona. Mukabaya mtanda ndi sikuludilaiva n'kumva kuti fwo, jambulani pomwepo. Chipinda chikakhala chokiya, lembani kuti chinali chokiya. Wadilopu ikatchinga khoma, lembani. Lembaninso kuti munayendera m'chilimwe ndipo simunaone mmene madzi a mvula amayendera pabwalo. Zithunzi ndi malipoti muzisunge zaka zosachepera 6, penanso posakhala m'foni mokha.

Tsiku limene kasitomala adzakutumizireni pa WhatsApp chithunzi cha siling'i yodontha, mtima wanu wa Chimalawi udzafuna kupepesa msanga ndi kulonjeza kuti mukonza. Muyankheni mwaulemu kuti uthenga mwaulandira ndipo mubwera kudzaona, koma musavomere kulakwa kapena kulonjeza ndalama, chifukwa mapangano ambiri amaletsa kutero kampani isanavomereze. Tsiku lomwelo lemberani broker wanu, mutumizenso chithunzicho pamodzi ndi lipoti lanu, ngakhale kalata ya loya isanabwere.