Mayi a ku Leeds, musatenge ngongole chifukwa cha Oxford

Mayi ena a ku Leeds, kuno ku England, andilembera pa imelo. Mwana wawo wamkazi wakhoza bwino mayeso a ku sekondale a GCSE, akufuna udokotala ku Oxford kapena Cambridge, ndipo akufunsa ngati atenge ngongole kuti akachite A-level, maphunziro a zaka ziwiri okonzekera yunivesite, ku sukulu yolipira. Akuti anzawo a kutchalitchi awauza kuti mwana wa sukulu ya boma salowa kumeneko.

Mayi, mawu a anzanuwo andiwawa chifukwa ndinakula nawo. Ine ndinaphunzira pa CDSS kumudzi, kumene sayansi tinkangoyimva pakamwa pa aphunzitsi, labotale kulibe. Nthawi yomweyo ku Mtunthama, ku Kamuzu Academy yomwe idatsegulidwa mu 1981, anzathu ankaphunzira mpaka Chilatini ndi Chigiriki. Palibe amene anatiuza poyera kuti yunivesite si yathu, koma tonse tinkadziwa, ndipo ambiri sitinayese n'komwe. Nditabwera kuno ku England ndinkaganiza kuti zimenezo ndazisiya ku Malawi. Koma mwana wanga atanena kusukulu kuti akufuna Cambridge, mphunzitsi wina anamuuza mwaulemu kuti ayang'ane mayunivesite omukwanira. Mwana anabwera kunyumba atavomereza kale. Ndinkagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba, ndipo ndinkakhala ndikuwerengera malipiro anga ndi fizi ya sukulu zolipira, masamu ake osatheka. Chimene chinandipweteka kwambiri si ndalama, koma kuona mwana wanzeru akudzichotsa yekha pamzere.

Anzanuwo sakunama kotheratu. Ana a m'sukulu zolipira kuno ndi pafupifupi 7 pa 100 alionse, koma mwa ophunzira a m'dziko muno amene amalowa ku Oxford, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amachokera m'sukulu zimenezi. Ku Cambridge ndi ocheperako pang'ono. Mu 2018 bungwe la Sutton Trust lidapeza kuti sukulu 8 zokha, kuphatikizapo sukulu zolipira zotchuka za Eton ndi Westminster, zidatumiza ana ambiri ku mayunivesite awiriwa kuposa sukulu zina pafupifupi 2,900 zitaphatikizidwa. Chimenechi ndi chinthu chochititsa manyazi, ndipo sindivomera aliyense wondiuza kuti nzeru zinangodziunjikira m'mabanja olemera. Chimene makolo amagula kumeneko ndi makalasi a ana ochepa, aphunzitsi amene nawonso anadutsa ku Oxford, kuyeserera intaviyu mobwerezabwereza, komanso mtima woti malo amenewo ndi anga.

Ndipo chiwerengero cha "ana a sukulu za boma" chimene mayunivesitewa amanyadira nachonso chimabisa zambiri. M'menemo muli ana a ma grammar school, amene amalowa polemba mayeso ali ndi zaka 11, ambiri atalipiriridwa aphunzitsi apadera. Mulinso ana a makolo amene anagula nyumba yodula dala kuti akhale pafupi ndi sukulu yabwino. Mwana wa namwino wochita lendi amawerengedwa pamodzi ndi amenewa ngati kuti anayambira pamalo amodzi.

Komabe taonani Brampton Manor, sukulu ya boma ya ku Newham, dera losauka la London kumene ana ambiri ndi a makolo obwera ngati ife. Mu 2021 ana ake 55 anapatsidwa malo ku Oxford ndi Cambridge, pamene Eton idapeza 48. Aphunzitsi kumeneko anangoganiza kuti ana awo afunsire malo, n'kuwakonzekeretsa mwakhama. Ndikamva zimenezi ndimakwiyira mphunzitsi aliyense amene amatsekera mwana khomo ndi mawu okoma.

Tsono muchite chiyani?

Ngongoleyo isiyeni. Kuyambira Januwale 2025 fizi ya sukulu zolipira ili ndi msonkho wa VAT wa 20 peresenti, ndipo udokotala ndi maphunziro a zaka zambiri omwe adzafunanso thumba lanu. Kumusamutsa kungamutayitsenso mwayi, chifukwa pulogalamu ya UNIQ ya ku Oxford, yomwe imakonzekeretsa ana kufunsira malo kumeneko, ndi yaulere koma ya ana a sukulu za boma okha, ndipo osankha amayang'ananso sukulu ndi dera lomwe mwana akuchokera. Akafika Year 12, chaka choyamba cha A-level, afunsire UNIQ ndi Target Oxbridge, yomwe imathandiza ana akuda ofuna malo ku mayunivesite awiriwa. Ayambe msanga kukonzekera mayeso a UCAT, amene ofunsira udokotala amalemba. Fomu ya UCAS, yofunsira malo ku yunivesite, kwa ofuna udokotala imatsekedwa pa 15 Okutobala, ndipo saloledwa kufunsira Oxford ndi Cambridge chaka chimodzi, asankhepo imodzi. Pitani nokha kusukulu kwake mukafunse kuti ndani amathandiza ana ofunsira udokotala, ndipo akakuyankhani mozemba, yang'anani sukulu ina ya boma yophunzitsa A-level (sixth form) konko ku Leeds.