Deschamps sanangodyerera dzina la Zidane ayi

Achimwene, mwafunsa ngati Didier Deschamps anali pleya weniweni kapena anangopeza mwayi posewera limodzi ndi Zidane. Ine ndikuti munthu ameneyu musamupeputse. Zoona sankachenjeretsa ma difenda kapena kugoletsa zigoli zambiri, ntchito yake inali pakati paja, kulanda mpira nkupatsira msanga kwa anzake odziwa kupanga zinthu, mpaka Eric Cantona, pleya mnzake wa ku France, ankamunyoza kuti ndi wotunga madzi chabe. Koma wotunga madzi yemweyo ndi amene anali kaputeni wa Marseille pomwe ankachinya AC Milan 1-0 mu fainolo ya Champions League mu 1993, Zidane asanayambe nkomwe kusewerera France. Deschamps anadzatenganso chikho chomwecho ndi Juventus mu 1996, kenako mu 1998 ndi iyeyo ananyamula World Cup ndi France atathibula Brazil 3-0, ndipo Euro 2000 naponso kaputeni anali yemweyu.

Ukochi wake ndi umene umandigwira mtima kwambiri. Anafikitsa Monaco mu fainolo ya Champions League ya 2004, anabwezeretsa Juventus mu Serie A, ligi yayikulu ya ku Italy, ndiye France anaitenga mu 2012 anthu akadali okwiya ndi chisokonezo cha ku South Africa chija pa World Cup ya 2010, pomwe mapleya anakana trening nkukhala m'basi. Anakonza khalidwe mu timu, 2018 nkuchinya Croatia 4-2 mu fainolo ya World Cup. Amene anapambana World Cup ngati pleya komanso ngati kochi iye asanatero ndi Zagallo wa ku Brazil ndi Beckenbauer wa ku Germany basi. Fainolo ya 2022 anangoluza pa mapenate kwa Argentina mpira utathera 3-3.