Mabatani atatu a HomeLink sanafe, mota ndiyo sinakudziweni

Owerenga wina wa ku South Bend, Indiana, walemba kalata. Anagula galimoto yakale ya 2009 yokhala ndi mabatani atatu a HomeLink padenga (otsegulira chitseko cha galaja m'malo mwa rimoti), wayesa kuwalumikiza ndi chitseko cha galaja, kanyali kakuphethira monga mmene buku likunenera, koma chitseko chili duu. Akufunsa ngati mabataniwo anafa, ndiponso ngati apite nayo kwa amakanika.

Achimwene, musapite kulikonse. Funso ili limandiwawa chifukwa anthu amalipira ndalama pa ntchito ya mphindi 10, ndipo ena amangogonja n'kumayenda ndi rimoti yopanikiza pachotchinga dzuwa zaka zonse, mabatani ali pomwepo pamutu pawo. Kuphethira kofulumira kwa kanyali pophunzitsa batani kukutanthauza chinthu chimodzi chokha: galimoto yamva rimoti yanu. Sizikutanthauza kuti mota ya padenga la galaja, yomwe imakweza chitseko, yavomera galimotoyo. Ntchitoyi ili pawiri, ndipo inu mwachita mbali yoyamba yokha.

Kuti mumvetse, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Marimoti akale anali ndi timaswitchi ting'onoting'ono mkati, ndipo nambala yomwe ankatumiza sinkasintha. Rimoti ya timaswitchi 8 inali ndi manambala 256 okha, moti sizinali zachilendo kutsegula chitseko cha aneba mwangozi, ndipo wakuba wokhala ndi kachipangizo kojambula mafunde sankavutika. M'zaka za m'ma 1990 makampani anabweretsa rolling code, nambala yosintha nthawi iliyonse mukadina. Chamberlain ndi LiftMaster amaitcha Security+, Genie amaitcha Intellicode. Pa mota zoterezi kukopera rimoti n'kosakwanira, chifukwa motayo imasunga mndandanda wa marimoti omwe imawadziwa, ndipo galimoto yanu imabwera ngati mlendo amene ayenera kulembetsa dzina kwa amfumu asanapatsidwe malo.

Ineyo ndimaona kuti vuto lalikulu lili ndi mabuku a galimoto. Amaika mbali yachiwiriyi pansi penipeni, m'timalemba tating'ono, ngati kuti ndi ya anthu ochepa, chonsecho mota zambiri zomwe zikugwira ntchito ku America lero ndi za rolling code. Mbali imeneyi ikanayenera kukhala pamwamba. Ndipo makanema a pa YouTube amawonjezera chisokonezo, chifukwa aliyense amaonetsa galimoto yake ndi mota yake n'kunena kuti ndi mmene zimakhalira ponseponse. Ayi. HomeLink yakhala ikusintha. Inali m'manja mwa Johnson Controls, kenako Gentex anaigula mu 2013, ndipo ya m'galimoto ya 2009 si yofanana ndi ya 2020. Palinso magalimoto ena a General Motors (GM) ndi Ford omwe mabatani ake si a HomeLink n'komwe, ndi a Car2U, ndipo kalumikizidwe kake n'kosiyana. Yang'anani chizindikiro: HomeLink ili ndi kachithunzi ka kanyumba.

Pano ndipatuke pang'ono chifukwa cha abale a ku Johannesburg ndi Cape Town omwe amawerenga kuno. HomeLink ya ku North America imamva mafunde a pakati pa 288 ndi 433 MHz, pomwe ya ku Ulaya inakonzedwa motsatira marimoti a kumeneko, ambiri mwa iwo a 433 ndi 868 MHz. Marimoti a mageti ku South Africa, monga a kampani ya Centurion, ambiri ndi a 433 MHz ndipo ali ndi rolling code yawoyawo. Kufanana kwa mafunde sikukwanira, galimoto iyeneranso kudziwa kalembedwe ka nambala ya kampaniyo. Zikakanika, njira yake ndi kugula risiva ina yomwe galimoto ingathe kuiphunzira n'kuilumikiza ndi mawaya awiri pamalo a batani la pakhoma.

Chinanso chomwe sindingachisiye: musachite zimenezi galimoto ili m'kati mwa galaja injini ikulira. Utsi wa galimoto uli ndi mpweya wa carbon monoxide, sununkha, ndipo umapha. Komanso chitseko chidzayenda nthawi yomwe simukuyembekezera, ndiye ana ndi njinga zichoke pakhomopo. Onani ngati timaso tiwiri ta m'mbali mwa chitseko, tomwe timaletsa chitseko kutsika pakakhala chinthu pakhomo, tokhala pafupifupi masentimita 15 kuchokera pansi, tikuyaka. Kuyambira 1993 mota zatsopano ku America zimayenera kukhala ndi chitetezo choterechi. Ngati mota yanu ndi yakale kwambiri moti siibweza chitseko chikagunda chinthu, musailumikize ndi galimoto. Muisinthe. Pamenepa sindinyengerera munthu.

Kachitidwe kake

Imikani galimoto panja, moyang'ana chitseko. Ikani batire latsopano mu rimoti, chifukwa batire lofooka ndilo limalepheretsa anthu ambiri pa chiyambi pomwe. Tembenuzani kiyi kuti magetsi a galimoto ayake. Popeza galimotoyo ndi yogula kwa munthu, fufutani zakale: dinani mabatani awiri a m'mbali pamodzi mpaka kanyali kaphethire mofulumira, masekondi 10 pa zatsopano, pafupifupi 20 pa zakale. Izi muchite kamodzi kokha. Mukabwereza pokonza batani lachiwiri, mufufuta loyamba lija.

Gwirani rimoti pamtunda wa masentimita 2 mpaka 8 kuchokera pa mabatani. Dinani batani la rimoti ndi la HomeLink nthawi imodzi, osasiya, mpaka kuphethira kwapang'onopang'ono kusanduke kofulumira. Marimoti ena, makamaka a ku Canada, amadula okha pakapita masekondi ochepa. Ngati yanu ndi yotero, gwiritsitsani la galimoto, koma la rimoti muzidina n'kusiya masekondi 2 aliwonse.

Tsopano dinani batani la HomeLink lija lokha. Kanyali kakayaka osaphethira, nambala yanu ndi yosasintha ndipo chitseko chiyenera kuyenda. Kakaphethira mofulumira kwa masekondi 2 kenako n'kukhazikika, ndi rolling code, tengani makwerero. Pamota, pafupi ndi pomwe patulukira kawaya ka eriyo, nthawi zina kuseri kwa chivundikiro cha babu, pali batani lolembedwa Learn kapena Smart. Lidineni kamodzi n'kusiya. Ndikubwereza, n'kusiya. Pa mota za Chamberlain ndi LiftMaster, mukalipanikiza kwa masekondi pafupifupi 6 mufufuta marimoti onse a pabanja, ndipo madzulo ake mudzafotokoza nokha kwa amayi a kunyumba. Mukadina muli ndi masekondi 30 kuti mufike m'galimoto, n'chifukwa chake ndi bwino kukhala awiri, wina pamakwerero wina pampando. Dinani batani la HomeLink kwa masekondi 2, siyani, dinaninso, mpaka katatu. Chitseko chiyenda.

Muli pamwamba pomwepo, onani mtundu wa batani la Learn, chifukwa pa galimoto ya 2009 nkhani ingagone pamenepo. Pa Chamberlain ndi LiftMaster, lobiriwira ndi lofiira kapena la olenji ndi a 390 MHz, lapepo ndi la 315 MHz, ndipo onsewa HomeLink yakale imawatha. Lachikasu ndi la Security+ 2.0, lomwe linayamba mu 2011, ndipo magalimoto ambiri opangidwa chakacho chisanafike salidziwa. Mungadine mpaka chala kutupa, sizitheka. Chofunika ndi kabokosi kotchedwa HomeLink Compatibility Bridge kapena repeater. Mumakalowetsa pasoketi m'galaja, galimoto mumaiphunzitsa ndi rimoti yomwe imabwera m'paketimo, ndipo kabokosiko kamalandira mafunde a galimoto n'kuwapereka kwa mota m'kalembedwe katsopano.

Ngati batani si lachikasu koma zikukanikabe, onani batani la Lock pa switchi ya pakhoma, chifukwa likakhala lodina mota imakana marimoti onse. Onaninso babu. Mababu ena otchipa a LED amasokoneza mafunde, moti chitseko chimatseguka pokhapokha galimoto ifike pafupi kwambiri. Chotsani babulo, yesaninso, ndipo kawaya ka eriyo kazilendewera pansi, osati kukulungidwa.

Pomaliza, yesani batani kiyi atachotsedwa. Pa magalimoto ena HomeLink imagwirabe ntchito galimoto ili yozima, ndiye ngati imagona panja, woswa galasi atha kutsegula galaja. Ikakhala yotero muziilowetsa m'kati kapena muzidina Lock usiku, ndipo tsiku lomwe mudzaigulitse mudzafufute mabatani onse atatu musanapereke makiyi.