Kodi kamba wa m'nyanja amadziwa bwanji kwawo?

Mayi wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo yofunsa mmene nyama za m'nyanja zamchere zimadziwira njira pa maulendo ataliatali, chifukwa mwana wawo wa sitandade 7 atawafunsa, iwo anangomuyankha kuti ndi chibadwa. Mayi, mawu amenewa andikhudza kwambiri, chifukwa ndi omwewo amene ananditseka pakamwa ndili mwana.

Ndinakulira ku Nkhotakota, ndipo agogo anga aamuna, amene anali msodzi, ankanditenga kukaona mpasa zikuchoka m'nyanja ya Malawi n'kukwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira. Tsiku lina m'kalasi ndinafunsa aphunzitsi kuti nsombazo zimaupeza bwanji mtsinjewo, pamene m'madzi mulibe msewu kapena chikwangwani. Iwo anati ndi chibadwa ndipo anandiuza kuti ndikhale pansi, anzanga n'kuseka. Sindinafunsenso funso m'phunziro limenelo mpaka ndinamaliza pulaimale, ndipo yankho ndinadzalifufuza ndekha nditakula, ndikugwira kale ntchito kuno ku Lilongwe. Ndikunenetsa kuti mawu oti chibadwa sayankha kanthu kwa mwana amene akufuna kudziwa mmene chinthu chimachitikira, ndipo munthu wamkulu wowagwiritsa ntchito motero amamulakwira mwanayo ngakhale sakudziwa.

Chimene chinandigwira mtima koposa ndi nkhani ya akamba a m'nyanja otchedwa loggerhead a ku Florida, m'dziko la America. Ana awo akatuluka mumchenga usiku, amakwawira kumbali kumene kukuwala, komwe ndi kunyanja, ndipo akalowa m'madzi amasambira molunjika kumene mafunde akuchokera. Akafika kutali, kumene mafunde sasonyezanso kumene kuli gombe, amadalira mphamvu ya maginito ya dziko lapansi, imene kukula kwake ndi kupendekeka kwake zimasiyana malo ndi malo. Wasayansi Kenneth Lohmann wa ku University of North Carolina, ku America komweko, anaika tiakamba tomwe tinali tisanalowepo m'nyanja m'thanki yozunguliridwa ndi mawaya a magetsi, n'kumasintha maginito kuti afanane ndi a madera osiyanasiyana a nyanja ya Atlantic, ndipo nthawi zambiri tiakambato tinkatembenukira mbali imene ikanatisunga panjira yake. Aakazi amabwerera kudzaikira mazira kudera limene anabadwira patapita zaka 20 kapena kuposerapo. Akamba a mtundu wina amachoka ku Brazil n'kusambira makilomita oposa 2,000 mpaka kukapeza kachilumba ka Ascension pakati pa nyanja, ndipo anamgumi ena amachoka ku Antarctica chaka ndi chaka kudzaswana m'madzi ofunda a m'mbali mwa Mozambique, pafupi ndi ife pomwepa.

Nsomba za salmon ndizo zimandikumbutsa mpasa za agogo. Zimabadwira mumtsinje, zimakakulira m'nyanja, kenako zimabwerera kumtsinje womwewo. M'zaka za m'ma 1950 wasayansi Arthur Hasler ndi mnzake anatseka mphuno za salmon zina ndi thonje, ndipo zitafika pamene mitsinje imagawikana zinasokonezeka, pamene zambiri zosatsekedwa mphuno zinalowa mumtsinje wakwawo. Fungo la madzi akwawo zimalisunga kuyambira zili zazing'ono. Agogo akanamva zimenezi akanasangalala, chifukwa iwo ankanena nthawi zonse kuti madzi a mtsinje uliwonse ali ndi kakomedwe kake.

Zoti mumuuze mwanayo

Mumuuze kuti nyamazi sizidalira chinthu chimodzi: zili pafupi ndi gombe zimatsatira kuwala, mafunde ndi fungo, ndipo pakati pa nyanja zina zimatsatira maginito. Kenako mutenge singano, muikhutize pa maginito kangapo mopita mbali imodzi, muiike pa tsamba loyandama m'beseni la madzi, ndipo mumusiye aone yekha ikutembenuka mpaka kuloza kumpoto ndi kummwera.