Tchalitchi cha Muskego chinafika bwanji ku Minnesota?

Mayi wina wa ku St. Paul, mzinda wa m'chigawo cha Minnesota ku America, wandilembera imelo. Akuti anaona katchalitchi kakale pa sukulu ya ubusa ya Luther Seminary, kotchedwa Old Muskego Church, ndipo akudabwa poti Muskego ili ku Wisconsin, chigawo china cha dzikolo. Akufunsa kuti dzinali linafika bwanji kumeneko.

Mayi, si dzina lokha limene linayenda ulendowo. Nyumba yonseyo inachita kusamutsidwa.

Mu 1839 mabanja ochokera ku Telemark, m'dziko la Norway, anakakhazikika pafupi ndi nyanja ya Muskego, kufupi ndi mzinda wa Milwaukee. Malowo anali amadambo, moti malungo sanawapatse mpata, ndipo mu 1849 kolera inapululanso anthu ambiri. Asanamange tchalitchi ankasonkhana m'shedi ya pafamu ya Even Heg, momwenso ankagoneka alendo ongofika kumene kuchokera kwawo. M'busa wawo woyamba, Claus Clausen, sanali wa ku Norway. Anali mnyamata wa ku Denmark amene anabwera kudzaphunzitsa ana, koma anthu atamupempha anadzozedwa ubusa mu 1843.

Heg anapereka malo pakaphiri kotchedwa Indian Hill, ndipo Tollef Bache wa ku Drammen, ku Norway, anatumiza ndalama zothandizira. Ntchito yeniyeniyo anaigwira eni ake. Anagwetsa mitengo ikuluikulu ya oki, n'kuisema ndi nkhwangwa, n'kuisanjikiza mmene ankamangira nyumba kwawo. Gome lolalikirapo analiika pamwamba pa guwa, kuti ndi okhala m'chipinda chapamwamba omwe azimuona mlaliki. Anachipatulira pa 13 Marichi 1845. Ine chimandikhudza n'chakuti anthuwa ankamanga uku akuika maliro. Ena mwa osema mitengoyo anagona m'manda a pakaphiri pomwepo pasanapite zaka zambiri.

Gawo lotsatira limandiwawa kulifotokoza. Mpingo utakula, mu 1869 anamanga tchalitchi chanjerwa, chakalecho n'kuchigulitsa kwa mlimi wina. Iye anachiphwasula, n'kukachimanganso pafamu pake kuti chikhale khola la ziweto. Nyumba imene ankabatiziramo ana inakhala choncho zaka zoposa 30. Sindiwaweruza anthu amenewa, poti anali alimi osataya mtengo wabwino. Komanso kukhala khola n'kumene kunapulumutsa mitengoyo, chifukwa inali pansi pa denga m'malo mowolera pamtetete kapena kuthera pamoto.

Kenaka atsogoleri a mpingo wa Lutheran wa anthu ochokera ku Norway anazindikira kufunika kwake. Anaigula nyumbayo, ndipo mu 1904 mitengo yake inanyamulidwa kupita ku St. Paul, kumene anaimanganso pa sukulu yawo ya ubusa. Mu 1975 boma la America linachiika pa mndandanda wa malo osungidwa chifukwa cha mbiri yake.

Matabwa amene munawaona kunjawo, Mayi, ndi ongoteteza makoma ku mvula ndi chipale. Mukadzapitanso mudzapemphe kuti akutsegulireni. Mitengo yoyambirira ija ili m'kati, ndipo malo amene nkhwangwa inkadutsa akuonekabe.